Malo Atatha M'kamera Yanga

Kamera inabwera pa sitima m'chaka cha 2006, itakulungidwa m'masokosi awiri. Anaitumiza ndi malume amene ankagwira ntchito ku Joni. M'kalata yopita kwa agogo analembamo kuti, "Mwanayu salankhula koma amaona. Mpatseni ichi, mwina chimuthandiza." Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndikungokhala pakhomo ku Yofu, pachilumba cha Likoma, chilembereni mayeso a Fomu 4. Makolo anga anamwalira motsatizana mu 1994, ndipo anandilera ndi agogo aakazi, obala mayi anga.

Pasanathe miyezi itatu, anthu anali atazolowera kuona mtsikana ataimirira pambali pa guwa, kamera ili m'manja. Ndinkajambula maukwati, maubatizo, makwaya ndi makanda. Ntchitoyo inkandiyenera chifukwa wojambula safunsidwa maganizo. Kujambula kunali kopepuka, koma kutsukitsa ndiye kunali ulendo. Pachilumba panalibe makina otsukira zithunzi. Khadi losungira zithunzi likadzaza, ndinkakwera sitima mpaka ku Nkhata Bay, kenako minibasi mpaka ku Mzuzu, kumene kunali situdiyo. Ndinkagona kwa azakhali kudikira tsiku loti sitima ibwerere. Ndikafika kwathu ndinkagawa zithunzi kwa eni ake, n'kufufuta zonse za m'khadi, n'kuyambanso. Khadilo linali limodzi lokha, laling'ono, lomwe linabwera ndi kamera.

Munthu woyamba kutsala m'khadimo anali bambo wina woimba besi m'kwaya. Anamwalira nditangobwerako ku Mzuzu. Maliro atatha, ana ake aakazi anabwera kudzapempha kuti awaone bambo awo pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Analira, kenako anayamba kuseka mmene bambowo anayasamulira pakamwa poimba. Iwo atapita ndinakhala pakhonde kuti ndiyeretse khadi, popeza Loweruka kunali ukwati.

"Ukufufuta ndani?" anafunsa agogo, akusenda chinangwa.

"Onse, agogo. Zinatsukidwa kale."

"Ndi a besi omwe? Munthu tamuika dzana, iwe ukufuna kumuikanso kachiwiri?"

Ndinawasiya a besi. Sindinaone vuto, chinali chithunzi chimodzi chabe. Koma agogo anali m'gulu la amayi osambitsa maliro, ndipo imfa iliyonse ankaidziwa belu lisanalire. Analinso ndi pakamwa. Kunyanja, poviika chinangwa, anauza anzawo onse kuti mdzukulu wawo amasunga anthu. Kuyambira pamenepo, akamachokera kumaliro ankayamba ndi kundiitana asanasambe n'komwe. "Tayang'ana ngati uje alimo." Akapezeka, ndiye kuti watsala. Nditayesa kuwauza kuti khadi lili ngati bwato, lili ndi polekezera, anandiyankha kuti munthu wakufa salemera.

Wina angafunse kuti bwanji anthu sankakhutira ndi zithunzi za papepala. Pepala linkagwira chinyontho, mphemvu zinkalidya m'mbali, ndipo lopachikidwa pakhoma linkayezuka mpaka nkhope kusanduka utsi. Koma chachikulu chinali batani lina lomwe linkakoka chithunzi kuti chibwere pafupi. Anthu ambiri kwathu sanajambulitsepo okha. Ankapezeka m'zithunzi za anzawo, ataima kumbuyo pa ukwati wa wina. Papepala mutu wawo unkakhala ngati nyemba. M'kamera ndinkadina kanayi, nkhope n'kudzaza kagalasi konse.

Mwa onse obwera kudzaona, amene sankaphonya anali amayi ena a ku Mbungo. Amuna awo anali msodzi, ndipo anamwalira kuchipatala atadwala mwezi umodzi. Chithunzi chawo chinali chimodzi padziko lonse: pa ukwati wa mphwawo, ataima mzere wakumbuyo pakati pa khamu la anthu. Lamulungu lililonse, Misa ikatha ku Chipyela, amayiwo ankadzera kwathu ndi mwana wawo wotsiriza, wamkazi, wa zaka zitatu. Ankakhala pamkeka, mwana pamwendo.

"Tamukokani abwere, achemwali."

Ndinkadina. Ankatulukira bamboyo akuseka, chipewa chili chakumbuyo, dzino limodzi lakutsogolo palibe.

"Ndi yemweyo, wosamva uja. Ndinkamuuza ine kuti mabotolo satsegula ndi mano. Iwe, ndani awa?"

"Ababa," mwana ankayankha, chala chili kale pa kagalasi.

"Manja a usipa achoke pamenepo!" agogo ankakalipa. "Bambo akowo anali aukhondo, ngakhale ankanunkha nsomba mpaka m'tchalitchi."

"Inu agogo, nanga fungo limenelo si lomwe linkatidyetsa?"

Tsiku lina amayiwo anandiuza chifukwa chake ankayenda mtunda wonsewo. Ana akuluakulu ankawakumbukira bambo awo, koma wamng'onoyu ayi. Ankafuna kuti nkhopeyo ikhazikike m'mutu mwake asanayambe sukulu. Ine nkhope ya mayi anga inandithawa ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo panalibe pokaiyang'ana.

Pofika kumayambiriro kwa 2009, akufa anali atatenga malo ambiri kuposa amoyo. Kanambala ka pakona, kosonyeza zithunzi zimene ndingajambulebe, kankangotsika ulendo uliwonse. Ndinachepetsa kukula kwa zithunzi zatsopano mpaka eni ukwati wina anadandaula kuti nkhope sizikuoneka bwino. Njira inali yodziwika: kugula khadi lina, lakale lija n'kulisandutsa nyumba ya akufa.

Ku Mzuzu ndinagula khadi lalikulu m'sitolo yodalirika. Nditaliika, kamera inalemba kuti khadi ndi lowonongeka. Ndinabwerera m'sitolomo nkhope itagwa. Mwini sitolo analiika m'kamera ina, ndipo linagwira pompo.

"Khadili ndi labwinobwino, achemwali. Kamera yanuyi ndi imene sikulidziwa. Makhadi atsopanowa anabadwa iyo itakula kale."

Anandifotokozera kuti m'kati mwa kamera muli pulogalamu, yomwe iye ankaitchula kuti femuweya, imene imaiuza zochita. Opanga makamera akafuna, amalemba pulogalamu yatsopano n'kuiika pa intaneti kwaulere, ndipo kamera yakale imaphunzira kuwerenga makhadi atsopano. Makampani ena anali atachita kale zimenezo.

"Nanga opanga yangayi?"

"Mwina mawa, mwina sadzachita. Anthu amenewa sanena."

Makhadi aang'ono a mtundu wakale anali atatha m'masitolo onse amene ndinalowa. Ndinapeza limodzi kwa wogulitsa wa m'mbali mwa msewu, ndipo linandidyera zithunzi za ubatizo wathunthu. Ndinachita kupita khomo ndi khomo kukapepesa. Ulendo wotsatira ndinapempha mwini situdiyo kuti andikopere zithunzi zonse za m'khadi lakale pa chimbale. Chimbalecho ndinachikulunga m'nsalu n'kuchiika m'bokosi la agogo. Kunyumba kunalibe choonera chimbale, koma mtima unakhalako pansi podziwa kuti chilipo.

Amene anandithandiza kufunsa opanga kamera anali aphunzitsi ena a kusekondale, ochokera ku Ntcheu, omwe ankatha kutumiza imelo pafoni. Tinkakwera pa kaphiri komwe netiweki inkagwira, iwo atakweza foni m'mwamba ngati akuitana mvula. Funso langa linali lalifupi. Kodi mukukonza zoti kamera ya mtundu uwu iziwerenga makhadi atsopano, kapena ayi? Yankho linabwera patatha masiku anayi.

"Akuti akuthokoza kwambiri posankha katundu wawo," anatero aphunzitsi.

"Za funso langa?"

"Akuti maganizo anu ndi amtengo wapatali."

"Aphunzitsi, za funso langa?"

"Akuti sangalankhule za zinthu zimene sanazitulutse. Ndipo akuti ali ndi makamera atsopano okongola zedi."

Ndinawapempha kuti tilembenso, ulendo uno tifotokoze zonse: za chilumba, za sitima, za akufa, za mwana wa ku Mbungo. Aphunzitsi anakanda m'mutu.

"Achemwali, mukufuna ndilembe m'Chingerezi kuti kamera yadzaza ndi mizimu? Adzati ku Likoma kuli misala."

"Lembani kuti yadzaza ndi anthu."

Analemba, ndipo analemba bwino, chifukwa atandiwerengera m'Chichewa maso anga anatentha. Yankho linabwera lomwe lija, liwu ndi liwu. Chinasintha ndi dzina la wosayina pansi pokha.

Potsika kaphiriko aphunzitsi anayesa kuwaikira kumbuyo opanga kamera aja. Anati kampani ikalonjeza n'kulephera, anthu amaikwiyira kuposa ikanakhala chete. Anatinso opikisana nawo amatchera khutu, ndipo kuti ukauza anthu kuti kamera yakale ikonzedwa, yatsopano agula ndani? Mfundo ziwiri zoyambazo ndinazimva. Yachitatuyo inandipweteka, chifukwa inkatanthauza kuti kusadziwa kwangako kunali ndi phindu kwa wina. Ndinawauza aphunzitsi kuti ine sindinapemphe tsiku, kapena lonjezo. Akanati "tikuyesa, koma sitikudziwa ngati zitheka," ndikanamva. Akanati "ayi," ndikanalembera malume kuti ayambe kundifunira kamera ina, iyi n'kuisiya ya Lamulungu. Ife a pachilumba kudikira timakudziwa. Sitima ikawonongeka timakhala milungu osaiona, koma amatiuza kuti ili kokonzedwa, ndipo aliyense amadziwa mmene agawire shuga wake. Chovuta ndi kudikira chinthu chimene sukudziwa ngati chilipo n'komwe.

Agogo nditawafotokozera, anafunsa kuti anthuwo ndi a mpingo wanji. Ndinati sindikudziwa. "Alibe maliro kwawo," anatero, n'kupitiriza kupeta.

Kenako kunamveka kuti abishopu akubwera kudzaika manja pa ana. Ana anali ochuluka, ochokera m'midzi yonse ya pachilumba, ena kutsidya. Mkulu wina wa mpingo anafika kwathu atavala jekete dzuwa likuswa mtengo.

"Mwanangu, kholo lililonse likufuna chithunzi dzanja la abishopu lili pamutu pa mwana. Osati patsogolo pake, osati pambuyo pake. Ukwanitsa?"

Kanambala ka pakona kankasonyeza makumi atatu ndi mphambu zochepa.

"Ngati n'zovuta unene," anapitiriza. "Kuli mnyamata wa ku Nkhata Bay wakhala akutipempha. Akuti ali ndi makamera awiri."

Ndinati ndikwanitsa. Ndinali ndi masiku asanu oganiza. Ndikanatha kubwerera kwa mkuluyo n'kumuuza kuti ulendo uno aitane wa ku Nkhata Bay. Ntchito imodzi kuitaya si imfa. Koma ndinkadzifunsa kuti nanga ya mwezi wamawa, nanga ya Khirisimasi? Anthu amene ndinawalembera kawiri sanandipatse ngakhale kachizindikiro. Kwathu munthu ukamupempha kanthu kawiri iye n'kumangokuthokoza, ndiye kuti wakana. Ndinawamva motero. Ndipo ngati anali atakana, ndiye kuti tsiku lina akufawo ankayenera kuchoka basi, kaya lero kaya chaka chamawa. Komanso chimbale chinali m'bokosi.

Ndinachita Lachisanu masana, agogo atapita kukazonda wodwala. Ndinayamba ndi kufufuta zithunzi za magulu, chifukwa ndizo zinkadya malo ambiri. Chithunzi chilichonse kamera inkandifunsa ngati ndatsimikiza, inde kapena ayi, ndipo sinkapitirira ndisanayankhe. Pa cha msodzi wa ku Mbungo ndinachedwapo. Ndinamukoka kanayi, n'kumuyang'ana. Ndinaona chinthu chimene sindinachionepo kale, kachipsera pamwamba pa nsidze. Kenako ndinadina inde.

Mwambo unayenda bwino. Sindinaphonye mutu ngakhale umodzi. Mkulu wa mpingo anandigwira chanza ndi manja awiri. Tsiku lomwelo, anthu akubalalika, amayi a ku Mbungo anandipeza panja pa tchalitchi, ndipo ndinawauza kuti batire yatha. Lamulungu lotsatira ndinapita dala kunyanja kukachapa zovala zoyera kale. Agogo anandidikira pakhonde.

"Mayi uja anabwera. Wakhala pano mpaka mwana kugona. Wawafufuta, eti?"

"Ali pa chimbale, agogo."

"Sindinakufunse za chimbale."

Sitima inachedwa, ndiye ku Mzuzu ndinafika patatha milungu itatu chichitikireni mwambowo. Ndikudutsa pa sitolo ija, mwini wake anandikuwira ali pakhomo.

"Achemwali a ku Likoma! Mwayi wanu, pulogalamu ija yatuluka sabata yathayi!"

Anandiperekeza kumalo a intaneti. Pa tsamba la kampani panali mzere umodzi wonena kuti pulogalamu yatsopano ikuthandiza kamera kuwerenga makhadi aakulu. Kuikopera ndi kuiika m'kamera kunatenga nthawi yochepa kuposa kumwa kapu ya tiyi. Nditaika khadi lalikulu lija, pakona panatuluka nambala yaitali mwakuti ndinaiwerenga kawiri. Mwini sitolo ankaomba m'manja. Ine ndinafunsa ngati pulogalamu yotere imalembedwa m'sabata imodzi. Anaseka, n'kunena kuti zinthu zimenezi amazikonza ndi kuziyesa miyezi yambiri. Ndiye kuti tsiku limene ankandithokoza posankha katundu wawo, ntchitoyo inali kale m'manja mwa wina, mwina m'nyumba yomweyo.

Chimbale ndinali nditachitenga. Ku situdiyo ndinapempha kuti andibwezere zithunzi zija m'khadi lakale. Zinabwerera zonse, ndipo ndinapuma. Ndinafufuza cha ukwati uja, momwe munali msodzi wa ku Mbungo, n'kudina batani. Kamodzi, anthu anayamba kuchita mbuu. Kawiri, nkhope zinasweka kukhala timabokosi. Pofika kanayi, pa kagalasi panali timabwalo tofiirira ndi takuda, ngati nsalu ya zigamba.

"Ndimazichepetsa pokopera," anatero mwini situdiyo, osaona cholakwa. "Kompyuta yangayi ndi yokalamba, zikuluzikulu zimaichedwetsa. Potsuka papepala zimakwanira ndithu. Simunanene kuti mukufuna zazikulu."

Zoona, sindinanene. Sindinkadziwa kuti pali chonena. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo sindinaukanepo. Chala chimene chinadina inde chinalinso changa. Koma mpaka lero ndikaganiza za anthu aja amene ankadziwa n'kusankha kukhala chete, mkwiyo umandibwerera. Amaganiza kuti wofunsa za mawa ndi wachidwi chabe, wofuna zatsopano anzake asanazione. Sadziwa kuti ena timafunsa chifukwa pali chimene tikufuna kuchita Lachisanu, ndipo chikachitika sichibwerera.

Lamulungu loyamba nditabwerako sindinathawe. Amayi a ku Mbungo anafika, anapereka moni kwa agogo, n'kukhala pamkeka. Mwana anali atavala diresi la buluu lomukulira.

"Mwatisowa, achemwali. Tinkati mwakwatiwa ku Mzuzu."

Ndinawapatsa kamera m'manja, chinthu chimene sindinkachita. Ndinawauza zonse ndisanadine kanthu, mwadongosolo, mmene zinachitikira. Anamvetsera osandiyang'ana. Nditamaliza anati, "Tamukokani tione."

Ndinadina kanayi. Anayang'ana timabokosi tija nthawi yaitali, akupendeketsa kamera uku ndi uku ngati vuto ndi dzuwa. Mwana anasuzumira.

"Iwe, ndani awa?" anafunsa mayi ake, mawu ali pansi.

Mwanayo anayang'ana kagalasi, kenako mayi ake, kenako ine. Anayamba kuseweretsa mkanda wa pakhosi pa mayi akewo.

"Anthu opanga chinthuchi munawauza za ife?"

"Ndinawauza, amayi."

"Anati chiyani?"

"Anathokoza."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kundibwezera kamera ndi manja awiri. Agogo, amene sankasowa chonena pa maliro alionse, anangoweramira lichero lawo. Ine ndinafuna kupereka kanthu, kalikonse. Ndinati malo tsopano alipo ambiri, osatha, ndipo ngati angalole ndiwajambule iwo ndi mwanayo pomwepo, chithunzi chachikulu, cha awiri okha.

Amayiwo anaimirira, n'kumanga chitenje. Anamunyamula mwana, ngakhale anali wotha kuyenda yekha.

"Ife tili moyo, achemwali. Tikafuna kuonana timangotembenuka."

Anatsanzikana ndi agogo, n'kulowa kanjira ka ku Mbungo. Malamulungu otsatira ndinkawaona m'tchalitchi, mbali ya amayi, ndipo tikakumana pakhomo ankandipatsa moni mwaulemu, n'kufunsa za agogo. Kwathu sanadzerenso.